Mankhwala Akatha Lachisanu Madzulo: Kodi wa Pafamase Apereke Popanda Kalata ya Dokotala?

Matenda a BP, shuga, khunyu ndi mphumu si a lero lokha ayi. Munthu akapezeka nawo, mankhwala ake amamwa tsiku ndi tsiku, chaka n'kutha china n'kuyamba, ndipo mapilitsi akafuna kutha sayang'ana kalendala. Amatha Lachisanu madzulo, amatha pa Khirisimasi, amatha munthu atabwera kumaliro kwa Mgona n'kukhalitsa kuposa mmene anaganizira. Pa nthawi yotereyi, kaya ndi ku Kawale, kwa Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23 kapena ku Area 25, khomo lomwe limakhala pafupi ndiponso lotsegula mpaka mdima ndi la famase. Mnyamata amafika pa kauntala ndi kapaketi kopanda kanthu m'manja, nati, "Bwana, ndithandizeni mankhwala awa, ndi a mayi anga, atha dzulo." Kalata yatsopano ya dokotala alibe, ndipo tsiku la kiliniki ndi la sabata yamawa. Apa ndi pamene anthu amasiyana maganizo: kodi katswiri wa mankhwala apereke a masiku ochepa kuti wodwala asadukize, kapena am'bweze chimanjamanja poti lamulo limafuna kalata? Ine ndikuti apereke, koma osati mankhwala alionse, osati wogulitsa aliyense, ndiponso osati mwakabisira. Komabe amene amakana si anthu ouma mtima, ndipo mfundo zawo n'zofunika kuzimva kaye bwinobwino.

Lamulo la mankhwala silinabwere kudzazunza odwala. Motsatira lamulo la mu 1988, ntchito yoyang'anira mankhwala m'dziko muno inali m'manja mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, kufikira pomwe lamulo la mu 2019 linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe ambiri amangoliti PMRA. Bungweli limalembetsa mankhwala, limapereka ziphaso kwa mafamase ndi kwa akatswiri ogwiramo ntchito, ndipo mankhwala amaikidwa m'magulu: ena ngati Panado amagulitsidwa ngakhale pa golosale, ena ku famase kokha, ena pokhapokha dokotala atalemba. Gulu lomalizali lilipo chifukwa mankhwala amene amachiza ndi omwewo amene amapweteka akapita kwa munthu wolakwika kapena pa mlingo wolakwika.

Mfundo yolemera kwambiri ya okana ndi yakuti chitseko chimene tikuti chitsekulidwe pang'onocho n'chotsekuka kale, ndipo zotuluka m'menemo tikuziona ndi maso. Aliyense wokhala m'matauni a Lilongwe amadziwa kuti amoxicillin, Bactrim, Flagyl ndi doxycycline amagulika popanda kufunsidwa zambiri, nthawi zina makapisozi anayi okha poti ndi pomwe ndalama yalekezera. Munthu amamwa masiku awiri, chifuwa chikaphwa n'kusiya. Mankhwala ambiri amamwedwanso pa chimfine wamba, chomwe sichifuna n'komwe makapisozi. Kumwa kotereku ndi kumene kumazoloweretsa tizilombo kupirira, ndipo zotsatira zake zinayezedwa. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anaunika zotsatira za magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira mu 1998 mpaka mu 2016, ndipo lipoti lawo la mu 2017 linaonetsa kuti mwa tizilombo ta mtundu wa Klebsiella, tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 pa 100 tilitonse mu 2003, koma pofika mu 2016 tinali titaposa 90 pa 100. Ceftriaxone ameneyu ndiye jakisoni amene zipatala zathu zimadalira wodwala akafika ali kayakaya. Akuluakulu akukumbukiranso za chloroquine. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar chifukwa malungo anali atasiya kumumva, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso anasiyira malo LA. Choncho okanawo amafunsa kuti: dziko limene likulephera kale kutseka mpata wa makapisozi, likalemba m'malamulo mawu oti "zadzidzidzi," kodi si ndiye kuti aliyense wogulitsa wapeza pobisala? Chifuwa chilichonse chidzakhala chadzidzidzi, chinzonono chilichonse chidzakhala chadzidzidzi.

Amawonjezanso zina ziwiri zomwe sizinganyozedwe. Choyamba, amene akuweruza ngati wodwalayo alidi pangozi ndi yemweyo amene akulandira ndalama ya mankhwalawo, ndipo lendi ya shopu ikumudikira kutha kwa mwezi. Komanso si nthawi zonse pamene woima pa kauntala amakhala katswiri amene chiphaso chake chapachikidwa pakhoma. Maphunziro a digiri ya za mankhwala anayamba mu 2006 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo akatswiriwa ndi ochepabe poyerekeza ndi malo ogulitsira mankhwala amene aphuka m'misewu yathu. Madzulo, nthawi imene odwala adzidzidzi amachuluka, ndi nthawi yomwenso mwini chiphaso amakhala ataweruka. Chachiwiri n'chochokera kwa madokotala: tsiku la kiliniki si lokatenga mapilitsi lokha, ndi tsiku loyezedwa. Mayi wa BP amene amamwa enalapril akatenga pakati ayenera kusinthiridwa mankhwala, chifukwa enalapril amapweteka mwana wosabadwayo. Wa shuga amene impso zake zayamba kufooka sangapitirize metformin pa mlingo wakale. Agogo amene sakudya mokwanira koma akumwabe glibenclamide, shuga wawo akhoza kutsika mpaka kukomoka. Famase ikamangopereka, munthu atha chaka osaonana ndi dokotala, akumwa mlingo umene unasiya kalekale kumuthandiza.

Zonsezi n'zoona, ndipo chifukwa chake sindingavomereze kuti wa pafamase azipereka chilichonse chimene wapemphedwa. Koma tikamvetsera bwino, mbali ziwirizi zikukamba za mankhwala osiyana. Umboni wa okana ukuchokera pa mankhwala amene munthu amadziyambira yekha, atadziyeza yekha, pa matenda amene palibe dokotala anawaona. Pempho la mnyamata wa pa kauntala uja ndi la mankhwala amene dokotala analemba kale, ndi cholinga choti asadukizidwe. Kupereka amlodipine wa masiku khumi kwa munthu wa BP amene wakhala akumumwa zaka zitatu sikupanga kachilombo kalikonse kukhala kosamva mankhwala, ndiponso palibe amene amaledzera ndi amlodipine kapena metformin. Ngozi ya mankhwala amenewa ili pa kusiya mwadzidzidzi, ngakhale kuti kukula kwa ngoziyo kumasiyana. Wa BP akadumpha masiku awiri nthawi zambiri sagwa pomwepo, ngakhale kuti amene amamwa atenolol kapena propranolol akasiya mwadzidzidzi mtima umayamba kuthamanga moopsa. Koma wa khunyu amene wasiya phenobarbitone kapena carbamazepine akhoza kugwidwa ndi matendawo mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo m'nyumba za chipinda chimodzi za kwa Mgona, momwe mbaula imayaka pafupi ndi pogona, kugwa kumodzi n'kokwanira kupsereza nkhope kapena dzanja moyo wonse. Wa mphumu amene kopopera kake ka salbutamol katha usiku wa mwezi wa Juni alibe sabata yodikira. Wachinyamata amene moyo wake umadalira insulin akakhala tsiku limodzi kapena awiri osabaya, magazi ake amayamba kusanduka asidi, amasanza, amapuma mwabefu, kenako n'kukomoka.

Anthu amenewa si ochepa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pambuyo pake bungwe la MEIRU linayeza anthu oposa 28,000 ku Area 25 komweko ndi ku Karonga, n'kupeza kuti BP ndi shuga zakhazikika m'makomo mwathu, ndipo ngakhale mwa amene anapezeka nazo kale, ambiri matenda awo sanali pa mlingo wabwino. Kwa ine tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene anayezetsa, n'kuvomera kumwa mankhwala tsiku lililonse, mpaka kutuma mwana usiku kuti asadumphe, ndi wodwala amene dziko liyenera kumusunga ndi manja awiri. Kumubweza ndi kumuphunzitsa kuti kudumpha si nkhani yaikulu, ndipo ena akadumpha sabata imodzi osamva kanthu m'thupi amangosiyiratu.

Palinso chimene okana amachiiwala: wobwezedwa ku famase sapita kwa dokotala. Lachisanu madzulo, kuti munthu wa ku Chinsapo akafike ku chipatala cha Bwaila kapena cha Central ndiye kuti walipira kabaza kapena minibasi, n'kukaima pa mzere umodzi ndi ovulala pangozi ndi ana otentha thupi, pofuna siginecha yokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chimene amatsekula ndi cha kumsika. Kumeneko mapilitsi amakhala pa kabenchi kapena m'chikwama, padzuwa tsiku lonse, ena atachotsedwa m'mapaketi moti tsiku lothera mphamvu silioneka, ena ndi omwe anabedwa m'zipatala za boma, ndipo wogulitsa amasiyanitsa mankhwala ndi mtundu wake wokha, ofiira ndi oyera. Amene akupikisana ndi katswiri wa mankhwala pa wodwala ameneyu ndi venda. Tikaletsa wophunzirayo, amene ali ndi firiji, chiphaso ndi dzina loti angalitaye, ndiye kuti wodwalayo tamupereka kwa wosaphunzirayo.

Chimene ndikunenachi si chachilendo kwa a zaumoyo athu, chifukwa pa ma ARV tinachivomera kale. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo amalola kuti munthu amene ali pa ma ARV, mankhwala akamuthera ali kutali ndi chipatala chake, akalandire a mwezi umodzi pa kiliniki ina iliyonse ya ma ARV m'dziko muno, bola aonetse umboni wakuti ali pa mankhwalawo, ndipo zimalembedwa. Amene anakonza ndondomekoyi anazindikira kuti anthu amayenda, amapita kumaliro, amasochera masiku, ndipo kudukiza n'koopsa kuposa kupereka. Mayiko ena anachitanso chimodzimodzi pa mafamase. Ku South Africa, lamulo la mankhwala limalola katswiri kupereka kamodzi mankhwala a masiku osapitirira 30, motsatira zimene dokotala analemba poyamba, ngati wakhutira kuti dokotalayo ankafuna kuti chithandizo chipitirire, ndipo ayenera kulemba zimene wapereka. Ku Britain malamulo a mu 2012 amafuna kuti katswiri acheze ndi wodwalayo, atsimikize kuti vuto ndi lofulumira, kuti mankhwalawo analembedwapo kale ndiponso kuti mlingo ukudziwika. Malire ndi masiku 30, pa insulin ndi kopopera amapereka kapaketi kakang'ono kwambiri, mankhwala amphamvu ozunguza bongo saloledwa, koma phenobarbitone wa khunyu amaloledwa wa masiku 5. Ku America, m'chigawo cha Ohio, lamulo lotere linakulitsidwa mu 2015 pambuyo pa imfa ya Kevin Houdeshell, bambo wa zaka 36 amene insulin inamuthera pa tchuthi cha Chaka Chatsopano mu 2014 dokotala wake osapezeka pa foni. Mayiko amenewa ndi okhwimitsa malamulo a mankhwala kuposa ife, ndipo kukhwimitsa kwawoko sikunawaletse kusiya kampata koyezedwa bwino.

Ife tili ndi chida chimene chimapeputsa ntchitoyi: buku la kuchipatala. Limatuluka m'chikwama litakulungidwa m'jumbo ya shuga kuopa mvula, m'makona mutapindika, masamba atada ndi manja. Koma mukalitsegula mumapeza zonse: tsiku limene wodwala anaonedwa komaliza, manambala a BP mwezi ndi mwezi, dzina la mankhwala, mlingo, kangati pa tsiku, tsiku lobwereranso, nthawi zina ndi chidindo cha chipatala. Kumene ena amafunika kompyuta kuti adziwe zimene dokotala analemba, kuno wodwala amayenda ndi mbiri yake m'manja. Ndipotu mankhwala akasowa m'chipatala cha boma, monga zakhala zikuchitika kawirikawiri makamaka m'zaka za kusowa kwa ndalama zakunja ndi kugwa kwa Kwacha mu 2022 ndi 2023, wodwala amauzidwa kuti "mukagule ku famase," ndipo chimene amaonetsa kumeneko ndi buku lomweli. Mkangano wonsewu ukungotsalira pa funso laling'ono: kodi zimene zinalembedwa mwezi watha m'bukumo zingakhale umboni wokwanira woperekera mankhwala a masiku ochepa mwezi uno? Katswiri amene anaphunzira zaka zingapo za mankhwala akhoza kuwerenga tsamba limenelo n'kuyankha.

Malire amene ndingawaikire kumbuyo ndi awa, ndipo akachotsedwa nanenso ndidzakhala kumbali ya okana. Apereke ndi katswiri wolembetsedwa yekha, ali pomwepo, osati wothandizira pa kauntala. Pakhale buku la kuchipatala kapena paketi yakale yokhala ndi dzina ndi mlingo. Mndandanda wa mankhwala ololedwa ukhale waufupi ndiponso wolembedwa ndi PMRA mogwirizana ndi Medical Council of Malawi: a BP ndi mtima, a shuga, a khunyu, a mphumu, mwinanso a matenda a maganizo amene kudukiza kwake kumabweza munthu kumene anachoka. Makapisozi onse opha tizilombo asakhalepo, LA asakhalepo poti malungo amafuna kuyeza magazi kaye, ndipo diazepam, tramadol, pethidine ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine asayandikire n'komwe. Masiku 30 ndikuona kuti ndi ochuluka kwa ife. Sabata ziwiri n'zokwanira kumuwolotsa munthu kufika tsiku la kiliniki, ndipo sizokwanira kuti aiwale njira ya kuchipatala. Asanapereke ayeze BP kapena shuga ngati wodwala wabwera yekha, afunse mayi ngati ali woyembekezera, ndipo akaona manambala oopsa kapena zizindikiro monga kutupa miyendo, kupweteka pachifuwa kapena kusanza, asagulitse kanthu koma atumize wodwalayo kuchipatala usiku womwewo. Chachikulu pa zonse, alembe m'buku la wodwala ndi m'kaundula wa famase: tsiku, mankhwala, kuchuluka kwake, dzina lake ndi nambala ya chiphaso.

Kulembako ndi kumene kukuyankha nkhawa zambiri za okana. Amati munthu adzatha chaka osaonana ndi dokotala, koma wa pafamase wachiwiri akatsegula buku n'kupeza kuti mnzake anapereka kale sabata ziwiri zapitazo popanda dokotala kulembapo pakati, sangaperekenso. Dokotala naye akadzalandira wodwalayo adzadziwa zimene wakhala akumwa, pomwe lero amangomva kuti "ndinagula tina toyera." Amati mawu oti zadzidzidzi adzakhala pobisalira, koma pobisalira pabwino ndi mmene zinthu zilili panopa, pomwe katswiri wachifundo wopereka insulin ndi wadyera wogulitsa makapisozi anayi onse amachita mwakachetechete, ndipo woyendera mafamase alibe chowasiyanitsira. Mndandanda ukalembedwa poyera, woyendera akhoza kufananitsa katundu wolowa ndi wotuluka, n'kulanga mopanda chisoni amene wagulitsa ciprofloxacin popanda kalata, anthu osamuona ngati mdani wa odwala. Pa za phindu, n'zoona kuti wogulitsa amapezapo kanthu, monga amapezeranso akagulitsa ndi kalata. Koma phindu la mankhwala a BP monga HCTZ a sabata ziwiri ndi lochepa poyerekeza ndi chiphaso chimene angataye atanama m'kaundula. Ndikuvomera kuti zonsezi zimadalira oyendera okwanira amene amafikadi ku Area 23 madzulo, osati m'tauni mokha masana, ndipo kuyamba ndondomekoyi popanda kuwonjezera oyendera kungakhale kulakwitsa.

Yatsala mfundo imodzi ya okana imene sindingathe kuigonjetsa, ndipo ndi ya umphawi. Famase si yaulere. Mayi wogulitsa tomato kwa Mgona kapena bambo wa maganyu ku Kanengo akhoza kukhala ndi buku, ndi khunyu, ndi katswiri wololera, koma wopanda ndalama m'thumba, ndipo insulin ndi yodula kuposa chakudya cha banja lake cha masiku angapo. Palinso mantha omveka akuti boma likaona anthu akudzithandiza okha m'mafamase, lidzagona pa ntchito yake yoonetsetsa kuti Central Medical Stores Trust ili ndi mankhwala ndipo akufika m'zipatala. Pa mantha awa, kaundula uja akhoza kukhala mboni: ngati mafamase a ku Kawale alemba anthu ochuluka a phenobarbitone mwezi umodzi, aphungu ndi atolankhani adzakhala ndi chogwirika chofunsira Unduna. Koma kwa wopanda ndalama uja, kulola mafamase kokha sikumufikira. Iye akufunika kuti ndondomeko yomweyi ilowenso pa zenera la mankhwala la chipatala cha boma, kuti wa BP, wa shuga ndi wa khunyu akafika ndi buku lake ku Kawale, ku Area 18 kapena ku Area 25, ngakhale si tsiku la kiliniki ndiponso si chipatala chake, alandire mankhwala a sabata ziwiri kwa wopereka mankhwala osaima pa mzere wa dokotala, monga mmene mnzake wa ma ARV amalandirira.